Mbali Yachisanu ndi Chimodzi

"Aphunzitsi, musanakwere, tandiwerengerani ichi."

Akulu anga a Obvious anatero akundiponyera chidutswa cha thabwa, kenako anazula pensulo kuseri kwa khutu n'kundipatsa. Unali m'mawa wa Januwale, mvula itangokata. Ndinali nditaima pakhomo pa shedi yawo ya ukalipentala kuseri kwa msika wa Katete, chikwama chili kumsana, minibasi ya ku Chipata ikudzaza kumsewu. Ndinkabwerera ku koleji kukayamba chaka chachiwiri cha uphunzitsi wa masamu. Limeneli ndilo tsiku lomaliza limene ndinawaona amoyo.

Pathabwapo anali atalembapo manambala atatu, opendama ngati mpanda wogwa ndi mphepo: 190, 60, 45.

"Mulitali, mulifupi, ndi kuya kwake," anatero. "Masentimita. Ndifuna ndidziwe mbali zonse pamodzi zikwana bwanji, ndione za matabwa ndi vanishi."

"Ndi chiyani chimenechi, kabati?"

"Bokosi."

"Bokosi lalitali chonchi? Azisungamo chiyani, nzimbe?"

"Mwini wake akusamuka. Iwe werenga chabe, mafunso siya."

Mawu oti bokosi kwathu kuno ali ndi matanthauzo awiri, ndipo ngakhale mwana amadziwa. Koma lachiwirilo silinandifike n'komwe m'mutu. Bambo athu atamwalira, akulu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo anaona ndi maso awo mmisiri wina akukana kutulutsa bokosi la bambo chifukwa ndalama zinali zosakwana, pomwe amayi akulira pabwalo. Chaka chomwecho anasiya sukulu n'kuyamba kuphunzira sowo ndi pulena kuti ine ndipitirize. Atatsegula shedi yawoyawo analemba okha pachitseko ndi penti yofiira: MIPANDO, ZITSEKO, MABEDI. MABOKOSI A MALIRO AYI. Anthu ankabwera kudzawapempha, ena mpaka kugwada. Yankho linali limodzi: "Ine sindidya za misozi."

Ndinakhala patebulo langa lakale lomwe linali pakona. Anandipangira nditakhoza giredi 7, la mlombwa, ndipo ndili giredi 9 ndinazokotapo dzina langa ndi nsonga ya kampasi: EVANS DAKA. Anandimenya khofi tsiku limenelo, koma sanalipale dzinalo. Akulu anali ndi chizolowezi chimodzi: chilichonse chimene apanga, ngakhale kampando ka mwana, ankachitembenuza n'kulemba kunsi kwake tsiku limene amaliza. Ankati mmisiri wosalemba tsiku ndi wakuba, akufuna kudzakana ntchito yake.

"Bokosi lili ndi mbali zisanu ndi imodzi," ndinayamba, ndi mawu aja amene tinkayeserera ku koleji. "Zimayenda ziwiriziwiri. Yapansi ikufanana ndi yapamwamba, yakumanja ikufanana ndi yakumanzere, yakutsogolo ikufanana ndi yakumbuyo. Mukapeza kukula kwa imodzi, mwapeza kwa inzake."

"Maureen, tabwera udzamve," akulu anaitana mkazi wawo. "Ndalama zathu zikulankhula."

Alamu anga a Maureen anali pakhomo ndi kapu ya phala m'manja. Masiku onse ankandiseka, kunditchula mwamuna wawo wamng'ono, kundifunsa ngati ndawapezera mkazi mnzawo ku Chipata. Tsiku limenelo anangoima.

"Koma funso limodzi," ndinatero. "Pa mayeso ana amagwera pamenepa. Bokosili ndi lotsegula kapena lotseka? Likakhala lopanda chivundikiro, mbali ndi zisanu chabe."

Akulu anaseka. Anaseka nthawi yaitali, dzanja lili pamimba, mpaka misozi inalengeza.

"Lotseka, aphunzitsi," anatero. "Lotseka ndithu."

Ndinayamba kuchulukitsa. Yapansi, 190 kuchulukitsa ndi 60, inandipatsa 11,400. Pamodzi ndi chivundikiro, 22,800. Yam'mbali, 190 ndi 45, inandipatsa 8,550, ziwiri, 17,100. Yakumapeto, yaing'ono ija, 60 ndi 45, inandipatsa 2,700. Pomwepo hutala inalira kumsewu, kondakitala akukuwa, "Chipata, Chipata, mmodzi chabe!" Ndinaphatikiza mothamanga, n'kulemba yankho, n'kulizunguliza: 42,600.

"Masikweya sentimita," ndinatero ndikuimirira. "Mukawonjezere pang'ono ya sowo."

Akulu sanaimirire. Nthawi zonse ankandinyamulira chikwama mpaka pabasi, akumawauza makondakitala kuti asamale, anyamula boma. Tsiku limenelo anakhalabe pabenchi. Lamba wawo anali ndi mabowo atsopano atatu oboola ndi msomali, ndipo maso awo anali achikasu. Ndinali nditafunsa kale pa Khirisimasi. Anati ndi zilonda za m'mimba, maso ndi utuchi wa mlombwa. Ndinakhulupirira, chifukwa akulu sanandinamizepo.

"Iwe Evans."

Ndinatembenuka. Sankanditchula dzina kawirikawiri.

"Uzilemba bwino."

"Ndimalemba bwino nthawi zonse," ndinatero, n'kuthamanga.

Miyezi yotsatira tinkalankhula pa foni. Pa 12 Malichi, tsiku la achinyamata, kunalibe makalasi, ndipo ndinawaimbira m'mawa kuti ndikubwera, ndidzabwerera madzulo. Chipata ndi Katete si patali.

"Usabwere," anatero. Ankapuma ngati munthu amene wakwera phiri. "Lero ndikumaliza ntchito ya kasitomala uja. Ukabwera udzandichedwetsa ndi nkhani zako."

"Wa bokosi uja? Sanasamukebe?"

"Ali pafupi."

"Masamu anga anagwira?"

"Aphunzitsi amalakwa?"

Ndinaseka, ndipo tsiku lonselo ndinalithera pabwalo la koleji kuonerera mpira.

Kuyambira pakati pa Meyi anasiya kuyankha ndikaimba. Ankangolemba: foni yawonongeka sipika. Mayeso athu anayamba pa 3 Juni, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanalowe m'holo, uthenga unkabwera. "Lembani bwino aphunzitsi." Ndinaona kuti zilembo zasintha. Akulu moyo wawo wonse ankalemba kuti apunzisi, koma tsopano mawu onse ankakhala athunthu. Ndinawaseka: "Kodi mwayamba sukulu ya madzulo?" Yankho linabwera: "Tikuphunzira kwa inu."

Lachisanu la sabata loyambalo, pa pepala la masamu, funso lachinayi linali la bokosi lotseka, kupeza kukula kwa mbali zake zonse. Ndinamwetulira ndekha m'holomo. Ndinalimaliza mphindi ziwiri zisanakwane, mbali zonse zisanu ndi imodzi, osaphonya. Nditatuluka ndinalemba: "Akulu, bokosi lanu labwera pa mayeso!" Yankho linachedwa kwambiri. Linafika dzuwa likulowa, mawu awiri okha: "Zikomo aphunzitsi."

Ndinatsika pa Katete Loweruka, pa 15 Juni, masana. M'chikwama munali malaya a buluu amene ndinawagulira akulu pa salaula, pomwe amagulitsa zovala zakale. Kondakitala, mnyamata wa kwathu komweko amene tinkasewera naye mpira, anandipatsa chikwama akuyang'ana kumbali. Amayi ogulitsa nthochi, amene ankandikuwira nthawi zonse, anawerama n'kuyamba kusanja nthochi zosanja kale.

Amene anandiyandikira ndi a Waziri, mwini sitolo ya misomali ndi matabwa, mnzawo wa akulu wa zaka zambiri. Anatuluka m'sitolo atavala mkanjo wawo woyera, n'kugwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Pepa, mwana wanga. Tonse ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Walimba mtima, wamaliza mayeso."

"Pepa ya chiyani, a Waziri?"

Anandiyang'ana. Manja awo anamasuka pang'onopang'ono.

"Ha," anatero. "Mpaka lero sanakuuze."

Sindikumbukira kuti chikwama ndinachisiya pati. Ndikukumbukira mawu awo akunditsatira kumbuyo: anamwalira Lolemba la sabata latha, tinakawaika Lachitatu kumudzi, kuseri kwa Sinda, pafupi ndi bambo ako.

Kunyumba ndinapeza amayi ndi alamu atakhala pamkeka kuseri kwa khitchini, akusankha nyemba. Amayi anali atavula duku chifukwa cha kutentha. Mutu wawo unali wometa, ndipo tsitsi linali litayamba kale kumera, loyera ngati phulusa. Ana awiri a akulu anali mipala. Pabwalo lonselo, munthu wa tsitsi ndinali ine ndekha.

Amayi anayamba kulira, koma ine ndinayang'ana alamu.

"Foni ili kuti?"

"Mlamu, khalani pansi kaye."

"Foni ya akulu ili kuti?"

Anamasula mfundo ya chitenje n'kuitulutsa. Galasi lake linali losweka pakona, pomwe hamala inagwera chaka chatha. Ndinatsegula. Mauthenga anga onse anali momwemo, nthabwala zanga, sukulu ya madzulo, bokosi lanu labwera pa mayeso.

"Ndinu munkandiyankha."

"Anandilumbiritsa."

"Masiku khumi ndi awiri ndikuseka ndi munthu womwalira."

"Anandigwira dzanja, mlamu, Baibulo lili apa. Anati, akamva athawa mayeso, ndiye zaka zanga zonse zathera m'utuchi. Ndikanatani ine? Uthenga wanu wa bokosi uja ndinauwerenga ndili kumudzi, anthu asanabalalike. Ndinakalira kuseri kwa nkhokwe mpaka madzulo ndisanakuyankheni."

"Munadziwa liti?"

Anayankha ndi amayi.

"Disembala. Madokotala anati chotupa cha m'chiwindi chafalikira, abwerere kunyumba."

"Pa Khirisimasi tinkadya nkhuku limodzi pano, amayi. Inu munkadziwa?"

"Mwanawe, tinkafuna ulembe."

"Abusa ankadziwa? A Waziri? Makondakitala?"

"Anawapempha onse yekha, mmodzimmodzi, akadali ndi mphamvu. Anati aliyense wopita ku Chipata atseke pakamwa."

Katete yense. Tauni yomwe mbuzi ikabedwa m'mawa, masana nkhani yafika ku Vubwi, inakwanitsa kusunga chinsinsi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wobisiridwa ndinali ine.

"Atati mng'ono wa malemu adzaike nkhata, anaimirira ndani?"

"Patrick, mwana wa amalume ako."

"Patrick." Ndinaseka, sindikudziwa kuti kusekako kunachokera kuti. "Patrick amene anawabera akulu tepi yoyezera."

Kenako funso lina linafika lokha, ndipo pamene linkatuluka m'kamwa ndinali nditalidziwa kale yankho lake.

"Bokosi munagula kuti?"

Amayi anaphimba nkhope ndi duku. Alamu anaimirira, anakutumula makoko a nyemba pachitenje, n'kutenga kiyi pamsomali.

"Tiyeni."

Tinayenda mpaka kuseri kwa msika. Mawu ofiira aja anali pachitseko pomwepo, MABOKOSI A MALIRO AYI. Mkati munkanunkhabe vanishi. Zida zonse zinali zopukuta, zopachika m'malo mwake, pansi posesa. Pamsomali wa pafupi ndi zenera panapachikika chidutswa cha thabwa chija, manambala anga ali pomwepo, 42,600 m'kati mwa mzere wozungulira.

"Anayamba sabata lomwelo munachoka," alamu anatero. "Ankakhoma chitseko kuti ana asaone. Tsiku lina thabwa limodzi, tsiku lina kungopala pang'ono n'kugona pabenchi. Ndinati ndiitane mmisiri wina. Anati, ndakanira anthu zaka zonsezi, langa ndiye ndipatse munthu?"

"Ndiye anafuniranji masamu anga? Munthu amene ankangoyang'ana chitseko n'kudziwa matabwa ake?"

"Mukufunsa ine?"

Analoza pakona.

Tebulo langa linali pomwepo, miyendo inayi, felemu yonse. Koma thabwa la pamwamba linali lodulidwa. Mbali yakumanzere inatsala. Yakumanja, pomwe panali dzina langa, panali bowo la ngodya zinayi, lodulidwa mowongoka bwino, m'mphepete mwake mosalala ngati mwapalidwa. Sindinafune tepi. Maso anga anayeza okha: 60 ndi 45.

"Mutangokwera basi tsiku lija," alamu anatero, "anatenga thabwalo, analiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Akuti, 'Taona Maureen, aphunzitsi aiwala mbali imodzi. Yaing'onoyi awerenga kamodzi. Ine wa giredi 8 ndaona.' Ndinati, aimbireni akonze. Anati, 'Ayi. Imene aiwalayo apereka okha.'"

Ndinatenga thabwa pamsomali. Zinali zoona. Yapansi ndi chivundikiro, kawiri. Zam'mbali, kawiri. Yakumapeto, kamodzi. Yankho linayenera kukhala 45,300. Cholakwa chomwe ndinkawachenjeza nacho ana a giredi 8 pa maphunziro oyeserera, ndinachichita ine, chifukwa cha hutala ya minibasi.

"Anaiika pomaliza," alamu anatero. "Kumutu. Dzina lanu linayang'ana mkati."

Anadikira. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti ndilira, kuti mawu amenewa andifewetsa, tigwirane n'kulira limodzi monga zimakhalira. Ankaona ngati andipatsa mphatso.

"Ndiye thabwa langa linapita kumaliro," ndinatero. "Ine ayi."

"Mlamu."

"Thabwa analifunsa? Kapena nalonso munangolinyamula ngati ine?"

"Ankakukondani kuposa ana ake omwe."

"Akanandifunsa. Akanati, Evans, sankha, mayeso kapena ine. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, alamu. Mayeso amabwereza. Amalemba chaka chilichonse."

Anaika kiyi pabenchi n'kutuluka.

Mawa lake ananditengera kumudzi kukaona manda. Nkhata zinali zitauma. Amalume anabwera ndi lezala kuti andimete, ndifanane ndi abale anga. Ndinawauza kuti tsitsi langa silinali pamaliro, lilibe chochotsa. Ndinaima kumutu kwa mtumbira, ndikudziwa kuti pansi pa mapazi anga pali dzina langa, ndipo ndinayesa kulankhula nawo. Palibe chinatuluka koma manambala.

Zotsatira zinatuluka mu Ogasiti. Pa masamu ndinaposa onse. Mphunzitsi wathu anaimba kawiri, kachitatu sindinayankhe. Ku koleji sindinabwerere. Amayi anagwada, amayi anga ondibereka, akuti usamuphe kawiri mkulu wako. Ndinawadzutsa, koma sindinapite. Ndikaganiza zoima kutsogolo kwa ana, choko m'manja, n'kunena kuti bokosi lili ndi mbali zisanu ndi imodzi, lotsegula kapena lotseka, ganizolo ndimalisiyira pomwepo.

Masiku ano ndimatsegula shedi m'mawa. Sindine mmisiri, ndimakonza mipando yothyoka miyendo, kukhoma mahinjesi, zing'onozing'ono. A Waziri amanditumizira anthu, ndikudziwa kuti n'chifukwa cha chisoni. Alamu amabweretsa chakudya masana, amachiika pabenchi, ndimati zikomo, amati zikomo. Sananditchulenso mwamuna wawo wamng'ono. Foni ya akulu ili m'dirowa. Nthawi zina ndimaitchaja n'kuwerenga kubwerera m'mbuyo, kufunafuna uthenga womaliza wolembedwa kuti apunzisi, pomwe mawu awo anathera n'kuyamba a wina.

Tsiku lina mu Seputembala, kukutentha, ndinaganiza zokonza tebulo lija. Ndinapeza chidutswa cha mlombwa kuseri kwa benchi, ndinachiyeza, ndinachidula. Kawiri konse ndinayeza. Kenako ndinalitembenuza tebulolo, miyendo m'mwamba, kuti ndione pokhomera.

Kunsi kwa thabwa lotsalalo kunali tsiku lakale lija, pensulo yake itafufuma: 18 Disembala 2015. Pansi pake panali mzere wina, wakuda, watsopano, manambala akunjenjemera, pensulo itaboola thabwa pa malo awiri.

12 Malichi 2024.